Bushi: kachitsulo kofera thalakitala

Mvula ikangokata mwezi wa Epulo, m'matauni ang'onoang'ono monga Mponela, Lunzu, Jenda ndi Luchenza mumayamba kumveka kulira kwa mathalakitala kuyambira m'bandakucha. Iyi ndi nyengo imene munthu amene wagulitsa fodya kapena soya amakumbukira nyumba yake ija idaimira m'mawindo chaka chatha, ndipo mchenga, njerwa ndi miyala ya kwale amazifuna tsiku lomwelo. Eni madimba nawo amafuna manyowa achoke m'khola. Thalakitala imene ili ndi mikono iwiri yachitsulo kutsogolo komanso chibaketi chotapira zinthu, zomwe amakaniko amangoti loda, siipuma m'miyezi imeneyi.

Koma tsiku lina mukadzaipeza ikupakira mchenga kumtsinje, mudzaime chapatali n'kutchera khutu. Zambiri zimamveka kho! baketi ikamanyamuka, kenaka kho! winanso ikamatsika. Ikamayenda mumsewu wa mabampu, baketi imagwedezeka ngati dzino lofuna kuzuka. Dalaivala adazolowera moti salimvanso phokosolo, ndipo mwini thalakitala akafunsidwa amangoti ndi ukalamba.

Chonsecho si ukalamba ayi. Phokosoli limachokera pa kachitsulo kobulungira, kobooka pakati, kochepa kuposa kapu ya tiyi, kamene dzina lake ndi bushi. Kachitsulo kameneka kadapangidwa dala kuti kazitha. Ntchito yake ndi kufera mkono wa loda, womwe ndi wodula ndipo supezeka chisawawa. Vuto limabwera pamene bushi yaperepeseka mpaka kutheratu koma palibe waichotsa, chifukwa apo chimene chimayamba kudyeka ndi mkono weniweniwo.

Loda idalumikizidwa motere: mkono uliwonse umagwira pa chitsulo choimirira chimene chidamangidwa pa thupi la thalakitala, ndipo kumapeto kwake umagwira baketi. Palinso masilinda, timigolo tachitsulo momwe mumatuluka ndodo yonyezimira oyilo akaikankha. Awiri amatukula mikono, ena amapendeketsa baketi. Paliponse pamene zitsulo ziwiri zakumana n'kumapinda ngati chigongono pamakhala pini, chitsulo cholimba chonenepa ngati mpini wa khasu, chimene chimadutsa m'mabowo a zitsulo zonse ziwiri. Malo oterewa pa loda imodzi amakwana 12, mwinanso kuposa.

Pini sikhudzana ndi mkono mwachindunji. M'bowo la mkono amakhomeramo bushi molimba kuti isasunthe, ndipo mkono ukamapinda, bushiyo ndiyo imazungulira pa pini. Pakati pa ziwirizi pamatsala kampata kosakwana theka la milimita, momwe mumayenera kukhala girisi nthawi zonse.

Katundu amene kachitsuloka kamasenza ndi wodabwitsa. Pampu ya haidiroliki pa mathalakitala ambiri imakankha oyilo ndi mphamvu ya pakati pa 170 ndi 200 pa muyeso wa bar, pamene tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa 2 yokha. Silinda yotakata mamilimita 60 mkati mwake, ikakankhidwa pa 180, imatulutsa mphamvu yofanana ndi kulemera kwa matani 5, kutanthauza matumba 100 a chimanga a makilogalamu 50. Mphamvu yonseyo imathera pa pini imodzi ndi bushi yake, pa malo osaposa chikhatho cha mwana. Ndipo baketi ya theka la kiyubiki mita ikadzaza mchenga wonyowa imalemera makilogalamu oposa 800, omwe amakankhakankha mapiniwa bampu iliyonse, ulendo uliwonse, tsiku lonse.

Komabe kulemera pakokha sikumaliza bushi msanga. Mdani wake wamkulu ndi mchenga womwewo umene umabweretsa ndalama. Mchenga wa m'mitsinje yambiri ndi tizidutswa ta nsangalabwi, mwala wolimba kuposa chitsulo wamba. Ukalowa m'kampata kaja n'kusakanikirana ndi girisi wakale, umasanduka phala lonolera. N'chifukwa chake mapini a kumunsi, amene agwira baketi, ndiwo amayamba kutha: amamira mumchenga ndi m'matope tsiku ndi tsiku pamene anzawo a kumtunda amangolandira fumbi.

Girisi ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yodziwika kwa aliyense, kuteretsa. Yachiwiri, imene ambiri saiganizira, ndi kukankhira kunja litsiro. Pa pini iliyonse kapena pambali pake pamakhala kamutu kakang'ono kotchedwa nipo, komwe mkati mwake muli kampira kachitsulo ndi kasipuling'i kotseka khomo. Mtundu wa nipo umene uli pafupifupi pa makina onse lero umatchedwa ndi dzina la Oscar Zerk, amene adalandira chiphaso cha luso lakeli ku America mu 1929. Munthu amalumikiza pampu ya girisi pa nipoyo n'kupopa, ndipo sayenera kuleka mpaka girisi wakuda wakale atatuluka m'mbali ndipo watsopano atayamba kuonekera. Kupopa kawiri n'kuchoka ndi kungodzinamiza.

Mabuku a makampani ambiri opanga maloda amati izi zizichitika pa maola 10 aliwonse a ntchito. M'nyengo ya zomangamanga ndiye kuti tsiku lililonse. Girisi woyenera ndi wa lithium wa nambala 2, ndipo uja wotuwa moderako, amene ali ndi moly, amachita bwino koposa pa zitsulo zoyenda pang'onopang'ono zitasenza katundu wolemera. Oyilo wakutha wa mu injini, amene madalaivala ena amangothira pamwamba pa pini, salowa mkati. Amayenderera pansi n'kusiya chinyontho chokopa fumbi. Nawo mchitidwe wolowetsa thalakitala mumtsinje kukaitsuka umachotsa girisi n'kusiya madzi amene amabala dzimbiri, choncho ikachoka kumadzi iyenera kupopedwa girisi tsiku lomwelo.

Apa ndi pamene mabanja ambiri okhala ndi thalakitala amapunthwa. M'mawa dalaivala amapatsidwa ndalama ya dizilo, madzulo amafunsidwa maulendo angati wayenda. Za girisi palibe amafunsa, ndipo akaitchula yekha amaoneka ngati akufuna kudyapo. Nipo ikathyoka kapena kutsekeka, chinthu chotsika mtengo kuposa china chilichonse pa thalakitala yonse, pini imeneyo imatha miyezi osalawa girisi.

Zizindikiro zake sizibisika

Kudziwa kuti bushi yatha sikulira sukulu. Thalakitala iime pamalo osalala, baketi itagona pansi, injini itazima. Munthu atenge mgwala n'kuupisa pakati pa zitsulo pafupi ndi pini iliyonse, n'kutekenya. Pamene pali bwino sipasuntha. Pamene patha, chitsulo chimayenda chokha pini itaima. Njira ina ndi yoti dalaivala akanikize baketi pansi pang'onopang'ono mpaka matayala a kutsogolo atapepuka, kenaka n'kumasula, mnzake ataima patali akuyang'ana malo amodzi ndi amodzi. Pakutha pamaoneka kadumpha mkono usanayambe kuyenda.

Fumbi lofiira ngati katondo m'mbali mwa pini ndi chizindikiro china. Limenelo ndi chitsulo chimene chaperesedwa n'kuchita dzimbiri. Chimodzimodzi baketi imene ikagona pansi mbali ina imatsala m'mwamba, kapena kabawuti kogwira pini kamene kamangothyoka sabata ndi sabata.

Kampata ka milimita imodzi kamaoneka ngati nkhani yaing'ono, koma loda ndi chitsulo chachitali. Milimita imodzi pa pini ya pafupi ndi baketi imakafika kumlomo wa baketiyo itachulukitsidwa katatu kapena kanayi, ndipo mipata ya mapini onse ikaphatikizana mlomowo umatha kusewera ndi zala ziwiri. Choopsa kwambiri n'chakuti mphamvu ya matani 5 ija siikankhanso modekha. Imayamba yadumpha kampatako kenaka n'kumenya ngati hamala. Kumenyako kumakuza kampata, kampata kakakula kumenya kumakulanso. Bushi imene yatenga zaka kuti iyambe kugwedera imatha kutheratu m'nyengo imodzi. Zikatero mowotcherera mumayamba ming'alu, ndodo za masilinda zimakankhidwira kumbali, ndipo marabala otchinga oyilo amayamba kudontha.

Ntchito yosintha bushi imene yagwidwa nthawi yabwino ndi ya tsiku limodzi kapena awiri, ndipo makaniko wa patauni angathe kuigwira pansi pa mtengo. Koma imafuna kudekha, pakuti akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyamba baketi igone pansi, mabuleki amangidwe, matayala atsekedwe ndi miyala, injini izime ndipo kiyi akhale m'thumba la makanikoyo. Kenaka zogwirira za haidiroliki zikankhidwe kutsogolo ndi kumbuyo kangapo kuti oyilo amene watsekeredwa m'mapaipi ataye mphamvu. Mkono umene ukuchotsedwa pini uchirikizidwe ndi jeke kapena zipika zolimba. Njerwa ndi mabuloko a simenti sizichirikiza chitsulo, zimaphwanyika mosachenjeza.

Pini imagwidwa ndi kabawuti kapena kambale kachitsulo kuti isazungulire komanso isatuluke. Kameneko kakachoka, makaniko amathira dizilo kapena mafuta osungunula dzimbiri n'kudikira. Pini yakutha imakhala ndi mphako pamene bushi yakhala ikudya, ndipo mphakoyo imakola m'mphepete mwa bowo. Wosadziwa amangowonjezera hamala, mpaka mutu wa pini kuphwatalala ngati bowa, osatulukanso. Wodziwa amakweza kapena kutsitsa jeke pang'onopang'ono mpaka pini itayamba kuzungulira ndi dzanja, umboni woti siinasenzenso kanthu, kenaka n'kuigogoda kudzera pa chitsulo chocheperapo. Amakaniko osamala amachotsa pini imodzi, kumaliza ntchito yake, n'kupita pa ina. Kuchotsa onse nthawi imodzi kumasiya mikono itapotoka moti kuibwezera pamalo pake kumadzatenga tsiku lina lathunthu.

Bushi yakale imatuluka m'njira zingapo. Yofatsa kwambiri ndi ya ndodo yaitali yamazinga: mbali ina aikako chitsulo chokwana pa mlomo wa bushi, mbali inayo kachidutswa ka paipi yotakata kuposa bushiyo, kenaka n'kumanga nati mpaka bushi itakokedwera m'paipimo. Ikakana, ena amaidula mkati ndi sowo ya zitsulo, mosamala kuti asalume mkono, n'kuipinda ndi tchizulo.

Koma njira imene imasangalatsa oonerera ndi ya owotcherera. Mmisiri amayendetsa mzere wa kuwotcherera kuzungulira mkati mwa bushi yachitsulo, n'kuisiya. Chitsulo chotentha chikamazizira chimakhwinyata, ndipo mzerewo umakoka bushi yonse kuti ichepe. Bushi imene yakana hamala m'mawa wonse imatuluka ndi kagogodo kamodzi, nthawi zina n'kugwa yokha. Asanayatse makina, mmisiri wanzeru amachotsa mawaya a batire ndipo amapana waya wa pansi pafupi penipeni ndi pamene akuwotcherera, kuti magetsi asadutse m'masilinda kapena m'mabering'i. Ndodo zonyezimira zija amazifunditsa chiguduli chonyowa, chifukwa kanthethe kamodzi kakamatirira pamenepo kamang'amba rabala ulendo uliwonse ndodo ikalowa.

Bowo likatsala lokha, alipukute bwino n'kuliyeza ndi veniya kawiri, choimirira ndi chopingasa. Manambala awiriwo akafanana, banja lapulumuka. Bowo likadali lobulungira ndipo bushi yatsopano igwira.

Bushi yatsopano imapangidwa yokulirapo pang'ono kwambiri kuposa bowo kuti ikalowa ikakamire. Apa filiji ya pakhomo, ija amayi amaumitsiramo mafirizesi ogulitsa, imagwira ntchito ina. Chitsulo chikazizira chimachepa. Bushi ya mamilimita 40 ikagona usiku wonse m'filiji n'kutsika ndi madigiri 40 imachepa ndi mamilimita pafupifupi 0.02. Ndi kachinthu kosaoneka ndi maso, koma nthawi zambiri kamakwanira kuti bushi ilowe mosavuta. Aikulunge m'nsalu, athamange nayo, aipake girisi pang'ono kunja n'kuikokera m'bowo ndi ndodo yamazinga ija isanafunde. Kuimenya ndi hamala mwachindunji kumabenthula bushi yolimba ndipo kumaphwatalalitsa yofewa.

Pali kabowo kakang'ono m'mbali mwa mabushi ambiri kamene kayenera kuyang'anizana ndi nipo. Kakaphonya, girisi sadzalowa ngakhale munthu apope mpaka thukuta, ndipo ntchito yonse idzabwerezedwa chaka chisanathe. Chinanso, bushi yatsopano imafuna pini yatsopano. Pini yakale yokhala ndi mphako imangokhudza bushi m'mbali, n'kuyamba kuidya tsiku loyamba lomwe. Polowetsa pini, mabowo akapanda kulunjikana, makaniko amagwiritsa ntchito chitsulo chosongoka. Chala sichilowa m'bowo la mkono wa loda, pakuti chitsulo chikatsetsereka pang'ono chabe chimadula ngati sizasi. Pomaliza kabawuti kogwira pini kabwerere pamalo pake, osati waya kapena msomali wopinda, chifukwa pini ikamazungulira yokha imadya makutu a kunja omwe alibe bushi.

Zitsulozi zimachokera kuti?

Amene loda yake ili ndi dzina ndi nambala yowerengeka angayambire kwa ogulitsa zipangizo za mathalakitala, monga kampani ya Farming and Engineering Services yomwe kwa zaka zambiri yakhala ikugulitsa Massey Ferguson m'dziko muno. Koma maloda ambiri a m'matauni ang'onoang'ono adabwera atagwira kale ntchito ku Britain kapena ku South Africa. Ena ndi a maina odziwika ngati Quicke ya ku Sweden koma akalekale, ena chizindikiro chidafufutika, ndipo ena adachita kusokedwa ndi owotcherera konkuno. Ena otsika mtengo alibiretu bushi, pini imangozungulira m'mkono momwemo, ndipo oterewa amapindula kwambiri mmisiri akakuza bowo n'kuikamo bushi.

Thandizo la ambiri ndi amisiri osema zitsulo pa makina otchedwa lathe. Amapezeka ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe, ku Ginnery Corner ndi ku Makata mu Blantyre, ku Luwinga ku Mzuzu, komanso mmodzimmodzi m'maboma ena. Luso lawoli limaphunzitsidwa m'makoleji a ntchito zamanja omwe amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999. Wopita kwa amisiriwa anyamule pini yakale ndi bushi yakale, komanso manambala a bowo la mkono. Muyeso wa pini atenge kumapeto kumene sikudadyeke, osati pakati. Ndipo apite ndi masiku apadera, popeza lathe imayendera magetsi. Amene adali ndi ntchito kwa amisiriwa mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mwezi wa Januwale, akukumbukira m'mene ntchito ya maola awiri inkagonera masiku.

Funso la mtundu wa chitsulo ndi pamene pagona luso. Pini yabwino imasemedwa kuchokera ku zitsulo zolimba monga zimene amalonda amazitcha EN8 kapena EN19, ndipo amisiri ambiri amagwiritsa ntchito ekiselo yakale ya lole, yomwe idapangidwa kuti izipirira kupotokola. Bushi imatha kukhala yachitsulo cholimbitsidwa, yomwe imakhalitsa bola girisi asasowe, kapena ya mkuwa wa mtundu wa bronze, yofewerapo, yomwe imatha msanga koma imasunga pini. Chachikulu n'chakuti chimene chikutha chikhale chimene chimasinthika mosavuta. Mmisiri wabwino amasemanso kangalande mkati mwa bushi kuti girisi azizungulira ponseponse.

Zimene siziyenera kulowa pamenepo n'zodziwikanso, ngakhale zimapezeka pa maloda ambiri: kachidutswa ka paipi ya madzi m'malo mwa bushi, chitsulo chomangira nyumba m'malo mwa pini, kapena chibawuti chachikulu chomwe mazinga ake amapala bowo ngati tupa. Zimenezi zimafikitsa thalakitala kunyumba tsiku limene yathyokera kutchire, ndipo ntchito yake iyenera kuthera pomwepo.

Nanga manambala awiri aja akasiyana? Ndiye kuti bushi idatha kalekale, pini idaboola n'kuyamba kudya mkono, ndipo bowo lasanduka ngati dzira. Bushi yatsopano m'bowo lotere imangogwedera. Ena amaikulunga chitini, ena amaimata ndi kuwotcherera, koma sipatha nthawi yaitali phokoso lisanabwerere. Kukonza kwenikweni ndi kudzaza bowolo ndi kuwotcherera kenaka n'kulibowolanso ndi makina apadera amene amaonetsetsa kuti bowo la mkono wa kumanja ndi la kumanzere ali pamzere umodzi. Makina oterewa sapezeka patauni iliyonse. Njira ina ndi kudula chitsulo chonse chimene muli bowolo n'kuwotchererapo chatsopano, ndodo yaitali yowongoka itadutsa m'mikono yonse iwiri kuti mabowo asaphonyane. Akaphonyana ngakhale pang'ono, loda imadzipotokola yokha ikamakwera ndipo mabushi atsopano amatha mbali imodzi.

Zikafika apa loda iyenera kumasulidwa, kukwezedwa pa lole n'kupita kumzinda. Ntchito ya tsiku limodzi yasanduka ya masabata, ndipo kawirikawiri izi zimagwa pakati pa nyengo ya ndalama, chifukwa ndi pamene loda imagwira ntchito yolemetsa. Womanga nyumba sadikira, amapita kwa mwini thalakitala wina kapena kuitana anyamata a mafosholo. Fizi ya ana, malipiro a dalaivala ndi ndalama ya feteleza zimene banja limayembekezera ku loda zimaima limodzi nayo. Dalaivala amene adanenapo za phokoso lija miyezi ingapo yapitayo amangoyang'ana kumbali. Mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.

Kugula loda ina si nkhani yapafupi. Ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chidakwera nayo. Thalakitala zenizenizo n'zosowa kwa anthu wamba. Lipoti la ofesi ya Ombudsman la mu 2016, nthawi ya a Martha Chizuma, lidaulula m'mene ena mwa mathalakitala 177 ogulidwa ndi ngongole ya ku India adagulitsidwira kwa anthu ena m'malo mothandiza alimi ang'onoang'ono. N'chifukwa chake patauni mumapezabe Massey Ferguson 135, mtundu umene udayamba kupangidwa mu 1964, ikugwirabe ntchito ngakhale fakitale ya ku Coventry imene inkapanga mathalakitala a kampaniyi idaleka ntchitoyo mu 2002. Makina oterewa ali moyo chifukwa cha anthu amene amasintha tizitsulo tating'ono nthawi yake.

Koma pali china choposa ndalama. Pini yodyeka imatha kuthyoka, ndipo yopanda kabawuti imatha kusolokoka baketi ili m'mwamba. M'matauni si zachilendo kuona aganyu atakwera m'baketi pochokera kumtsinje, kapena ana akuthamangira pansi pa mikono yotukulidwa thalakitala itaima pamsika. Chimene chagwira makilogalamu mazanamazana pamwamba pa mitu yawo ndi mapini ochepa ndi oyilo wa m'paipi ya rabala. Paipi ikaphulika mikono imagwa nthawi yomweyo, injini ikulira kapena ayi. Baketi si mpando, ndipo thalakitala ikaima baketi iyenera kugona pansi. Naye oyilo wodontha pa kabowo kosaoneka amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu, choncho podontha amafufuza ndi katoni, osati ndi dzanja. Amene walasidwa ndi oyilo wotere athamangire kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likuoneka ngati la singano, chifukwa oyiloyo amaononga mnofu mkati ndipo anthu ena adadulidwa zala atazengereza.

Makaniko akamaliza za mikono, ndi bwino asuzumirenso pansi pa mphuno ya thalakitala. Mathalakitala a mtundu wa Ferguson, kuyambira pa TE20 ya mu 1946, adapangidwa kuti azinyamula makasu kumbuyo, kulemera kuzigwera pa matayala aakulu. Loda imatembenuza zonsezi n'kusenzetsa ekiselo yaing'ono ya kutsogolo. Ekiseloyo ili ndi pini ndi mabushi akeake pakati pamene imapendekera, ndi enanso m'mbali pamene matayala amakhotera. Kutukula kutsogolo ndi jeke n'kugwedeza tayala lililonse kumaonetsa ngati nawo atha. Chitsulo cholemera kapena mgolo wa konkire womangidwa kumbuyo umachepetsa katundu ameneyu, ndipo kuyenda baketi ili m'munsi kumateteza thalakitala kuti isagubuduzike pokhota.

Mapini onse akalowa, aliyense apopedwe girisi mpaka atuluke m'mbali, loda ikwezedwe ndi kutsitsidwa kangapo yopanda katundu, kenaka apopenso. Tsiku loyamba la ntchito likatha, mabawuti onse ayesedwenso ndi sipanala. Nthawi yabwino ya ntchito yonseyi ndi Febuluwale kapena Malichi, misewu ya kumtsinje ikadali matope ndipo ofuna mchenga asanayambe kugogoda pakhomo. Pini yakale ija amakaniko sataya. Amakaisemetsa kuti ichepe pang'ono, n'kuiponya m'bokosi la zida, ndipo ndi imene adzagogodere pini ya thalakitala ina.